Amayi Akuti Atopa

Linali Lachinayi, cha m'ma 3 koloko masana, mwezi wa Julayi, pamene foni ya amalume inalira. Foniyo ndimaikumbuka bwino kuposa nkhope za anthu ena a nthawi imeneyo. Inali yaing'ono, yakuda, manambala a pa mabatani atafufutika, ndipo anaimanga ndi kachidutswa ka chubu cha njinga kuti batire lisamagwe. Inkakhala pa msomali, pa nsanamira ya shedi yawo yokonzera njinga, chifukwa m'mudzi monsemo ndi pokhapo pamene netiweki inkafika. Ikalira inkanjenjemera n'kumagunda mtengo. Tsiku limenelo amalume anali atachokapo, ndiye amene anayankha ndi ine. Unali uthenga waufupi wochokera kwa amayi, woti ndikapereke kwa amalume. Ndinakapereka, koma sunafike.

Kuti izi zimveke, ndiyambe ndi kwathu.

Ine ndinabadwira ku Mbagala, mu Dar es Salaam muno. Amayi ndi a ku Dedza, koma anabwera kuno ali mtsikana kudzagwira ntchito ya m'nyumba, n'kukwatiwa konkuno. Bambo nawonso makolo awo anali a ku Malawi, koma iwo Chichewa ankangochimva, kunyumba tinkalankhula Chiswahili. Amayi okha ndi amene ankandilankhula Chichewa, nachonso chosakaniza. Madzulo akabwera kochapa zovala za anthu, ankakhala pakhomo, kuvula mapatapata, n'kunena kuti, "Ndachoka ine, mwanangu." Pa Chiswahili kuchoka ndi kutopa. Anthu akwathu amene akhalitsa kuno ambiri amatero osazindikira n'komwe. Ine ndinakula ndikudziwa kuti munthu akati wachoka, umupatse madzi akumwa ndipo usamufunse zambiri.

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi, amalume anabwera pa basi kudzanditenga. Amayi anati ndikupita kukaona kwathu, ndikadziwe abale, iwo abwera pambuyo kudzanditenga. Anandigulira nsapato zoyera zapulasitiki za paulendo. Ndimakumbuka kuti iwo ndi amalume anakhalitsa kuseri kwa nyumba akulankhula motsitsa mawu, mlongo wanga wakhanda ali kumsana. Ine ndinalibe nazo ntchito. Ndinali kuyesa nsapato.

Kwa amalume ndi pamwamba pa phiri. Ukatsika basi pamsewu wa tala, pali msewu wafumbi lofiira umene umakwera mokhotakhota, kudutsa m'minda ya mbatatesi ndi m'mapaini, kutsika pang'ono kuti ukunamize, kenako n'kukweranso. Woyenda pansi amatha theka la tsiku. Galimoto sizinkabwera kawirikawiri, mwina lole yodzatenga mbatatesi basi. Msewuwo unali wa njinga. Za makala, za matumba a feteleza, za odwala opita kuchipatala atawakhazika pa kaliyala. Ine wa ku Mbagala, wozolowera thukuta, ndinaona zachilendo. M'mawa chifunga chinkafika mpaka pakhonde, zala zinkauma, masaya ankang'ambika. Koma chimene chinkandiopsa kwambiri chinali bata. Ku Mbagala phokoso silitha, maminibasi a daladala, mawailesi, ogulitsa nsomba. Kumapiri kuja unkamva belu la njinga ikadali kuseri kwa phiri, n'kumadikira nthawi yaitali kuti mwini wake atulukire.

Shedi ya amalume inali pamene chitunda chachikulu chimathera. Aliyense ankafika pamenepo akukankha, ali wefuwefu. Amalume ankati malowo sanawasankhe mwangozi. "Njinga ikamafika pano," ankatero, "imakhala itaulula matenda ake onse."

Nyengo yozizira kunkabweranso anjinga ena, alendo ochokera kutali, ambiri azungu. Njinga zawo zinkakhala ndi zikwama kutsogolo ndi kumbuyo, okha atavala zipewa zonga chigoba cha kamba. Ankathawa msewu wa tala chifukwa cha malole, ndipo akuti ankauzana okhaokha za msewu wathu kuti ndi wabata, ndi wokongola. Sankabwera ambiri, mmodzi kapena awiri, kenako papite masabata. Amalume ankawalola kukhoma tenti kuseri kwa shedi. Akazi awo, amene ndinkawatcha azakhali, sankazimvetsa. "Munthu kusiya kwawo kudzakankha njinga m'phiri la eni," ankatero. "Ndiye kuti kwawoko mavuto kulibe, akuchita kuwasaka."

Tsiku loyamba limene ndinakwera msewu umenewo, pena pa kaliyala ya amalume, pena wapansi, tinapeza anthu atasonkhana kudzaona mwana wa ku Tanzania. Azakhali anagwada pang'ono n'kundifunsa kuti ndayenda bwanji. Ndinafuna kuonetsa kuti Chichewa ndimachidziwa. Ndinati, "Ndachoka."

Kenako mtsikana wina, msuweni wanga, anati, "Wachoka? Nanga wakhala apayu ndi mzukwa?"

Anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linali Ndachoka. Ndikamapita kumjigo ana ankakuwa, "Ndachoka, ubwera liti?" Ndikalowa m'nyumba, "Taonani, Ndachoka wafika!" Ngakhale amalume, amene ankandikonda, ankandiitana choncho, ngati ndi dzina la ubatizo.

Kusukulu anandiika Sitandade 2, ndili wamtali kuposa onse. Aphunzitsi atamva za dzinali, analemba mawu awiri pa bolodi. Anafunsa kalasi kuti, "Munthu amene wanyamula thumba la chimanga kuchokera kudimba amatani?" Onse, "Amatopa!" "Nanga basi ikanyamuka pa siteji, yatani?" "Yachoka!" Kenako anandiimiritsa ndekha kuti ndibwereze. Lero sindikuona kuti anali ndi nkhanza. Ankafuna kundithandiza, ndipo anandiphunzitsadi, mwina mopitirira. Ndinasiya kulankhula pagulu. Ndikakhala ndekha ndi ndowa pamutu ndinkanong'ona kuti ndatopa, ndatopa, watopa, atopa, kuti lilime lizolowere. Zinthu zimene ndinkafuna zinali ziwiri zokha: dzina lija lithe, ndiponso amayi abwere kudzanditenga.

Lachinayi lija, nditabwera kusukulu, ndinali pa shedi ndikutsuka timabawuti m'chitini cha palafini. Ndiye panatulukira mlendo akukankha njinga yobiriwira. Anali mayi wachikulire, wa tsitsi laimvi lalifupi, miyendo yopsa ndi dzuwa, ali yekhayekha. Gudumu lakumbuyo linkayenda mopendama, masipoko atathyoka. Anagoneka njinga, kuvula chipewa, n'kukhala pansi pafumbi pomwepo. Atapuma pang'ono anati, "Nimechoka."

Panali patatha miyezi ndisanamve liwu la Chiswahili. Ndisanaganize, pakamwa panga panatuluka "Pole," pepani wa Chiswahili, kenako ndinakumbukira ulemu n'kunena "Shikamoo," moni amene timapereka kwa akulu kuno. Mlendoyo anadzidzimuka, n'kuseka, n'kuyankha moyenera. Anali atadutsa m'Tanzania monse pa njinga yakeyo, ndipo anatolako mawu m'njira.

Amalume anali ataima ndi sipanala m'manja. "Akuti chiyani ameneyu? Akuti tichoke? Pamalo panga?"

"Ayi, malume," ndinatero. "Akuti atopa."

Amalume anandiyang'ana, kenako anayang'ana amuna amene ankasewera bawo pambali. "Tamumvani Ndachoka! Lero watisandukira womasulira."

Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwina, kosapweteka. Ndinathamanga kukatunga madzi m'kapu n'kumupatsa mlendo ndi manja awiri, monga ndinkachitira ndi amayi. Kenako mafunso onse ankadutsa mwa ine. Akuchokera kuti, akupita kuti, mwamuna wake ali kuti, samaopa. Zambiri sindinkazimva bwino, chifukwa Chiswahili chake chinali chodukaduka, koma panalibe wondigwira bodza. Ana amene ankandiseka aja anali atazungulira, kukamwa yasa.

Masipoko a njinga ija anali a mtundu wina. Amalume anagulula gudumu n'kupita nalo kutsidya kwa mnzawo kukafufuza ofanana nawo. Atangozimiririka kuseri kwa mapaini, foni inalira pa msomali paja.

Nambala inali yachilendo. Ndinamva kaye phokoso, mahutala a mabasi, anthu akukuwa mayina a mizinda. Phokoso lakwathu. Kenako mawu a amayi, koma olemera, ngati alankhula ali ndi kanthu m'kamwa.

"Ndiwe? Amalume ako ali kuti?"

"Apita kutsidya. Amayi, kuno kwabwera mzungu wolankhula..."

"Tamvera. Foniyi ndi ya eni. Ukawauze kuti ndachoka. Wamva? Ungowauza kuti ndachoka, adziwa okha."

Ndinafunsa kuti abwera liti kudzanditenga, koma foni inali itaduka kale.

Ndinaibwezera pa msomali. Sindinadabwe ndi uthengawo. Amayi ankachoka madzulo aliwonse. Chimene chinandivuta n'chakuti anatchula liwu lomwe lija, liwu limene linandisandutsa choseketsa. Amalume atabwera, pa shedi panali anthu ambiri kuposa kale, chifukwa mbiri ya mlendo inali itamveka. Msuweni wanga uja anali pomwepo. Ndinaganiza kuti ndikati amayi akuti achoka, aseka, ndipo ulendo uno aseka amayi anga. Adzati ndi kumtundu. Ndiye ndinawakonzera amayi Chichewa chawo, monga aphunzitsi anandikonzera changa. Ndinaimirira bwinobwino, n'kunena mokweza kuti onse amve.

"Malume, amayi anaimba. Akuti atopa."

Amalume anaika gudumu pansi. "Atopa?"

"Eya."

"Ndi mmene ananenera?"

"Eya, malume."

Kwa ine anali mawu omwewo. Ndakhala ndikudzifunsa zaka zonsezi ngati ndinanama, ndipo yankho limasinthasintha malinga ndi tsiku. Amalume anachotsa foni pa msomali, kuyesa nambala ya amayi, yozima. Anayesa imene inaimba ija, osayankhidwa. Anapukuta manja pa kansanza. Kenako anati, osayang'ana aliyense, "Kutopa ndiye anatopa kalekale. Koma kutopa kokha sikundithandiza ine." N'kubwerera ku gudumu.

Lachisanu ndi Loweruka m'mawa anali masiku abwino kuposa onse a nyengo imeneyo, ndipo n'chifukwa chake amandichititsa manyazi kwambiri. Mlendo anatsala kuti apume, gudumu likukonzedwa. Ine kusukulu sindinapite, amalume anati ndikufunika pantchito. Ndinkamutsatira paliponse. Anandionetsa pa foni yake mzere wautali wa njira imene anadutsa, ndipo kumapeto kwake, m'mphepete mwa nyanja yaikulu, anandilozera Dar es Salaam. Ndinayesa kumuphunzitsa kutchula Mbagala, zinamukanika. Anandiveka chipewa chake cha kamba chija, chikundiphimba maso, n'kundijambula. Anandilola kuliza belu, ana ena akupempha kwa ine kuti nawonso alizeko. Ndinkasankha. Msuweni wanga ndinamumana.

Anandifunsa kuti amayi anga ali kuti. Ndinati ali ku Dar, abwera kudzanditenga, ndipo tili ndi mwana wakhanda. Ana a m'mudzi ndinali nditawauza kale zambiri: kuti kwathu kuli magetsi, kuti amayi amavala nsapato zazitali chidendene, kuti timadya mpunga tsiku lililonse. Za magetsi zinali zoona.

Madzulo mlendoyo ankakwera pa thanthwe la kuseri kwa shedi n'kukhala pamenepo akuyang'ana kuchigwa, osalankhula, osajambula, mpaka tiyi wake kuzizira. Azakhali ankati walodzedwa. Ine sindinkamvetsa kuti munthu angachoke kutali chonchi kudzafuna bata, chinthu chimene ine chinkandiliritsa.

Loweruka anadikira kuti chifunga chithe ndiponso kuti tenti iume. Amalume anamumangira mabuleki, n'kundiuza kuti ndimuchenjeze kuti mtsetse wa kuno sufuna masewera. Ananyamuka dzuwa lili pamutu, ife tikumuthamangira mpaka pokhota. Kenako tinangomva belu likutsika, likutsika, mpaka zii.

Amalume anatsala pa shedi tsiku lonse akulimbana ndi tcheni cha munthu wamakala. Njinga yawoyawo, ya khushoni yofiira pa kaliyala, inali itatsamira pa nsanamira yomwe ija ya foni. Ndimaiona mpaka lero. Inali yopopa bwino, yopanda vuto lililonse. Ikanatsika phiri lija mosachedwa.

Dzuwa litapendeka, mwana wina anakuwa kuchokera pokhota paja. "Mzungu uja wabwerera!"

Tonse tinaima. Njinga yobiriwira inkabwera pang'onopang'ono, mwini wake akukankha, nkhope ili psuu. Pamwamba pa zikwama zake panali chikwama china chachikulu chapulasitiki, cha mizeremizere, chomangidwa ndi chingwe. Ndipo kumbuyo kunali mayi wina atagwira kaliyala ndi dzanja limodzi, ngati njingayo ndi imene ikumukoka. Kumsana mwana. M'dzanja linalo mapatapata, limodzi loduka. Mapazi ofiira ndi fumbi mpaka m'mawondo.

Ndinazindikira kanga, nsalu imene anavala, ndisanazindikire nkhope. Inali yachikasu, ya maluwa akuda, imene ankavala popita kutchalitchi. Nkhope ndiye inali ina. Diso lakumanzere linali litatupa mpaka kutsekeka. Mlomo unali utang'ambika, magazi atauma.

Sindinawathamangire. Ichi ndi chimene chimandilemera kuposa liwu lija. Miyezi yonseyo ndinkaganiza za mmene ndidzathamangire, mmene ndidzawakumbatire m'chiuno. Koma linali Loweruka, pa shedi panali amuna a bawo, amayi ochokera kuchigayo, ana onse amene ndinawauza za nsapato zazitali chidendene. Ndinabwerera m'mbuyo n'kuima kuseri kwa nsanamira, pansi pa foni.

Sipanala inagwa m'manja mwa amalume. "Achemwali!"

"Achimwene," anatero amayi, mawu akutuluka movutikira, "ndadikira pa siteji kuyambira m'mawa. Ndimati mwina mwadwala."

"Koma bwanji osanena? Si paja tinagwirizana?"

"Ndinanena. Ndinauza mwana. Ndinati ndachoka."

Mwa ana aja wina anayamba kuseka atamva liwulo, koma mayi wina anamutseka pakamwa ndi dzanja. Amalume anatembenuka pang'onopang'ono kufunafuna ine. Atandipeza sanakalipe. Anangoti, motsitsa, "Iye anati mwatopa."

Amayi anandiyang'ana ndi diso limodzi lija, nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti anditukwane pagulu, ndipo ndikanalandira. Koma anaseka pang'ono, kuseka kwakufupi, atagwira mlomo chifukwa unkapweteka.

"Mwanayo sananame, achimwene."

Atatero anakhala pansi pafumbi, pamalo pomwe mlendo anakhala Lachinayi. Azakhali anathamanga kukamasula mwana kumsana. Mlendo anamasula chikwama chija n'kuchiika pambali pawo. Anati, "Pole, mama," n'kupita kukakhomanso tenti yake kuseri, osafunsa kanthu. Chitunda chimene anthu amachikwera kamodzi n'kulumbira, iye anachikwera kawiri m'sabata imodzi.

Ine miyendo inanditengera yokha kumtsuko. Ndinatunga madzi m'kapu n'kupita nawo ndi manja awiri, koma theka linatayikira pa kanga yawo. Anamwa otsalawo. Kenako anandigwira tsaya ndi chala. "Taona mmene waumira," anatero. Za uthenga sanatchulenso, tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse.

Palibe anandimenya. Ndikanakonda akanandimenya. Chimene chinachitika n'chakuti dzina lija linatha. Amalume sanandiitanenso Ndachoka, ana nawonso analeka, ngakhale msuweni wanga. Chinthu chimene ndinkachipempherera chinachitika m'madzulo amodzi, ndipo nthawi iliyonse akandiitana dzina langa lenileni ndinkamva ngati andikumbutsa chifukwa chake.

Zina zonse ndinadzazidziwa nditakula, pang'onopang'ono, kuchokera kwa azakhali. Kuseri kwa nyumba ku Mbagala kuja, ine ndikuyesa nsapato, amalume ankachonderera amayi kuti tinyamukire limodzi. Amayi anakana, anati ayesebe kupirira, koma mwana wamkuluyu achoke kaye, wayamba kuona zambiri. Ndiye amalume anati, "Tsiku limene mudzachoke, musavutike ndi kufotokoza. Mudzangoti ndachoka. Ine ndidzawerengera masiku a basi, mudzandipeza pa siteji ndi njinga." Foni ya amayi bambo anali ataiphwanya. Imene anaimbira anaipempha kwa munthu wosamudziwa pokwerera basi. Ndipo mlendo uja anawapeza chapakati pa phiri, atakhala pansi pa mpaini akuyamwitsa, atalephera kunyamulanso chikwama. Ataona kanga anawapatsa moni wa Chiswahili. Atamva kuti akuchokera ku Dar, anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha mwana wovala chipewa cha kamba, akuseka mano onse pamtunda. Amayi akuti ndi pamene analira. Pa siteji sanalire, m'basi sanalire.

Phokoso la usiku la m'nyumba mwathu ku Mbagala ndinkalimva, koma ndinkaganiza kuti nyumba zonse zimatero.

Sukulu sindinapite nayo patali, ndinalekera Sitandade 5. Nditakula ndinabwerera kuno kudzagwira ntchito ya m'nyumba, ngati mmene amayi anayambira. Panopa ndimakhala ku Kimara, ndili ndi mwana wamkazi amene wangoyamba kuyenda. Bambo ake amagwira ntchito yowotcherera zitsulo ku Chang'ombe, ndipo ndinene poyera kuti sanandikwezerepo dzanja. Amayi anatsala kumapiri, amalima mbatatesi, akuti mapazi awo anazolowera. Alendo a njinga amadutsabe nyengo yozizira, ndipo amayi akaona mmodzi amamutungira madzi asanapemphe.

Ndikatsika basi ya mwendokasi ndi mwana kumsana, thumba la kumsika m'manja, pali kachitunda kakang'ono kofika kunyumba kwathu. Sikatenga nthawi, koma ndimafika ndikupuma movutika. Pamenepo ndi pamene ndimaganiza za phiri lija, ndi chikwama chija, ndi mapatapata oduka, ndi njinga ya khushoni yofiira imene inatsamira pa nsanamira tsiku lonse. Kwa mwana wanga sindinena kuti ndachoka. Ndimasamala. Koma mwezi wathawu, mwana atadwala masiku angapo, ndinaimbira amayi, ndipo liwu lija linandipulumuka. Ndinati, "Amayi, ndachoka ine." Ndinamva mphepo ya pa shedi ikuwomba mu foni. Kenako anafunsa, mawu ali pansi, "Kuchoka kwake kuti, mwanangu? Unene bwino." Ndinati kwa Chiswahili, amayi, kwa Chiswahili chabe. Anapuma mwamphamvu. "Chabwino. Koma kukadzakhala kwinako, usadzatume mwana."

M'mawa wa Lamulungu lija, amayi atafika dzulo lake, ndinadzuka anthu onse ali m'tulo. Mlendo anali atanyamuka kale, ndinangomva belu lake kamodzi m'chifunga. Ndinasamba kumaso madzi ozizira. Ndinapinda madiresi anga awiri ndi yunifolomu n'kuziika m'jumbo. Ndinatulutsa nsapato zoyera zija pansi pa mphasa, pamene ndinkazisunga kuti zisade, n'kuzivala. Zinali zitayamba kundithina. Kenako ndinakhala pakhonde, jumbo pamiyendo, kudikira.

Amayi anatuluka akutsimphina, mapazi atatupa, atafunda bulangeti la azakhali. Anaima pakhomo n'kundiyang'ana, kuyambira ku jumbo mpaka ku nsapato.

"Ukupita kuti?"

"Si mwabwera kudzanditenga?"

Anayang'ana kumsewu, kumene chifunga chinali chitaphimba chilichonse, ngakhale shedi. Kenako anati, "Vula nsapatozo, zingathe. Tenga ndowa ukatunge madzi."

Ndinavula. Koma sindinazibwezere pansi pa mphasa. Ndinaziika m'jumbo momwemo, n'kulibisa kuseri kwa chitseko, pafupi, kuti ndisadzachedwetse anthu. Ndinanyamula ndowa n'kutsetserekera kumjigo wopanda nsapato, ndikuwerengera mumtima kuti amayi akapuma masiku awiri kapena atatu, kutopa kukawathera, tinyamuka kubwerera kwathu.